Moni Wanga Anawoletsa Malambe a Amayi

Zikomo apampando. Ndiyima pomwe pano, mawu anga ndi aakulu, akumbuyo mumva.

Pamene timamwa thobwa panja paja ndamva alembi angapo akudandaula chinthu chimodzi. Wa gulu la mpunga akuti ogula sayankha maimelo. Wa uchi akuti chimodzimodzi. Wina wafika ponena kuti anthu a m'tauni ndi onyada, amawerenga n'kungokhala chete. Mawu amenewo ndi amene andiimiritsa, chifukwa inenso ndinawanenapo, ndipo anandifikitsa pogona pansi pa benchi pa msika wa Golomoti dzuwa likuswa mtengo, ndili chiledzerere.

Dzina langa ndine Fabiano. Kwathu ndi ku Mua, koma ndili pachikamwini kuno ku Mtakataka. Ndinaphunzitsako pulayimale mongodzipereka, n'chifukwa chake anthu amanditchulabe aphunzitsi ngakhale choko ndinasiya kalekale.

Gulu lathu ndi la amayi a malambe. Amatola, kuswa, kusinja, kusefa, ufa n'kuulongedza m'matumba. Mwamuna ndinalimo ndekha, ndipo anandilowetsa chifukwa cha Chingerezi. Bungwe lina lomwe linkatithandiza, pochoka linatisiyira laputopu, sola ndi adiresi ya imelo ya dzina la gulu lathu. Wapampando ndi aNangozo, amene ndi apongozi anga. Mukudziwa mmene zimakhalira, mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso. Nkhani za gulu zinkadutsa mwa mkazi wanga Agnesi. Ine kuuza Agnesi, Agnesi kuuza mayi ake, mayi ake kuuza amayi onse.

Wogula wathu wamkulu anali mmodzi, Mayi Msiska, amene ali ndi kampani yopanga juwisi ku Lilongwe. Pangano linali losavuta. Ufa ukakwana ife tilembe kuti wakwana ndipo mtengo ndi wakuti, iwo atumize galimoto mvula isanayambe. Ufa wa malambe suchedwa kukoka chinyontho. Ukaugoneka mpaka dzinja, wachita chuku, ndipo ufa wachuku ngakhale mbuzi imaukana. Ntchito ya amayi ya chilimwe chonse inkadalira kalata imodzi imeneyo.

Chinandigwetsa ine si ulesi ayi. Ndinagwa ndi ulemu.

Ndinapeza pa intaneti pulogalamu yaulere yotumizira imelo kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Inali ndi kanthu kamene kanandizunguza mutu: inkaonetsa amene watsegula kalata yako. Ukatumiza, posakhalitsa pambali pa dzina la munthuyo pamabwera kadontho kobiriwira. Ndinangoti eee, tsopano ndili ndi maso ku Lilongwe.

Ine ndinaleredwa ndi makolo a pamishoni, amene ankati munthu wopita kwa mnzake pokhapokha akafuna kanthu ndi wopanda mwambo. Ndiye ndinaona kuti tikulakwa kumangolembera ogula nthawi ya malonda yokha. Ndinayamba kupereka moni. M'mawa uliwonse: mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, kuno kwacha bwino kungoti kwatentha. Pansi pake vesi, ndi chithunzi cha maluwa. Kukagwa maliro m'mudzi ndinkawadziwitsanso, poti anzako suwabisira zovuta. Maadiresi ndinkatola paliponse, m'nyuzipepala, pa mapaketi a zakudya, pa timakadi tomwe ndinalandira ku chionetsero cha zaulimi. Anthu oti sanandionepo, sanandipemphepo kanthu, ankadzuka ndi moni wa Fabiano. Musaseke kwambiri, ena muno ndimakuonani pa magulu a pafoni, mumachita zomwezo.

Chaka chimenecho malambe anabereka mochititsa mantha. Amayi anasinja mpaka manja kuchita matuza, mosungira munadzaza. Ndinalemba kalata ya mtengo kwa Mayi Msiska, ndipo ndinaitumiza kudzera mu pulogalamu yomwe ija kuti ndione akatsegula. Kobiriwira kanabwera nthawi yomweyo. Ndinauza Agnesi kuti akauze mayi kuti awerenga, galimoto ikubwera.

Yankho silinabwere. Ndinatumizanso. Kobiriwira, kenako zii. Ndinatumizanso ndi mawu ochonderera, kenako ndi mawu olimba pang'ono. Chimodzimodzi.

Tsiku lina Agnesi akutsuka mbale anandifunsa, "Bambo a Tadala, mayi akuti kodi mwawaimbira foni?"

Ndinati, "Kuimbira chiyani munthu woti wawerenga kale?"

"Mwina ali ndi zovuta."

"Zovuta zomalola kutsegula koma osalola kuyankha? Iwe za kompyuta ukuzidziwa?"

Anangopitiriza kutsuka. Nambala ndinali nayo, mayunitsi ndinali nawo. Koma mumtima ndinkati, munthu waona kalata yanga ndi maso ake, wasankha kukhala chete, ndimuimbirenso kuti andinyoze ndi pakamwa pomwe? Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Nthawi imeneyo mavenda anali akuzungulira ndi njinga zamoto kufuna ufa, pa mtengo wotsika ndithu koma wa pompopompo. Amayi ena anafuna kugulitsa. Pa msonkhano mayi wina anati, "Bola pang'ono pomwepo aphunzitsi, mitambo siyembekeza munthu." Ine ndinatembenuza laputopu kuwaonetsa mzere wa timadontho tija. Ndinati, "Taonani, makampani onsewa akutiwerenga tsiku ndi tsiku. Mmodzi akakana, wina atenga. Mukataya ufa kwa mavenda mudzalira." Anandikhulupirira, poti aphunzitsi anena. Mavenda anagula kwina n'kumapita.

Kuchokera apa zinathamanga. Netiweki kumudzi kwathu ndi ya mwayi, ndiye ndinkapalasa njinga kupita ku Golomoti kukaona ngati yankho lafika. Malo amene imagwira bwino ndi kuseri kwa msika, ndipo kuseri kwa msika ndi komwe amagulitsa kachasu. Poyamba ndinkangobwereka mthunzi. Kenako kabotolo kamodzi koziziritsa mtima. Kenako ndinkapita ndisanadye n'kubwera nditaiwala njinga. Foni ndinaipinyolitsa kwa mayi wa kachasu. Ndikaledzera ndinkalalikira za kunyada kwa anthu a m'tauni, anzanga a kumowa n'kumavomereza, bola ndiwagulire. Kunyumba ndinkanama kuti tikukambirana ndi wogula wina wa kunja. Kunalibe wogula wina.

Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, aNangozo anatuma Agnesi kudzatenga laputopu ndi kiyi wa mosungira ufa. Ndinatukwana, ndipo ndinatukwana mokweza dala kuti apongozi amve ali kuseri kwa nyumba. Mkamwini akatero chotsatira mukuchidziwa. Zovala zanga ndinazipeza m'jumbo pakhonde. Ku Mua ndinachita manyazi kubwererako, ndiye ndinakhazikika pa Golomoti pomwepo, kusenza katundu wa anthu otsika minibasi kuti ndipeze ya kachasu. Ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga ankadutsa n'kumandipatsa moni wa aphunzitsi ndili ndi thumba la makala pamutu.

Tsiku lomwe ndikufuna mumve bwino linali la msika. Mvula yoyamba inali itagwa kale, kunja kuli chifundi chija chomata malaya pamsana. Ndinali nditalawirira mowa, ndiye ndinagona pansi pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato. Ndinamva akundigwedeza ndi phazi.

"Aphunzitsi, dzukani, akukufunani abwana."

Ndinasuzumira. Ndinayamba kuona nsapato zoyera, kenako nkhope. Anali Mayi Msiska.

Anali atabwera okha kudzafunafuna ufa kwa aliyense amene angakhale nawo, poti makina awo anali atatsala pang'ono kuima. Anafunsa amayi a pamsewu kuti gulu lija la ku Mtakataka linatha bwanji, amayiwo n'kuwalozera pansi pa benchi.

"Bambo Fabiano, ndinu?" anafunsa.

Ndinatuluka chokwawa, kudzikuntha fumbi. Mowa umapatsa munthu mphamvu zabodza. Ndinati, "Ndine. Mwabwera kudzaona mmene mwatisiyira?"

"Ndakusiyani ine? Ndadikira kalata yanu mpaka kutopa. Ndaimba foni, akuyankha mayi wina akuti mukaombole kaye. Ndalemba imelo, palibe yankho."

Imelo yawoyo inali itafikadi, koma laputopu inali m'sutikesi ya apongozi, ndipo panalibe wodziwa kuitsegula. Ine pamenepo sindinaganize zimenezo. Ndinati, "Musandinamize mayi. Kalata yanga munatsegula. Ndinaona ndi maso anga. Nthawi zonse munkatsegula."

Sanakangane nane. Anakhala pa benchi pomwepo pambali pa tomato, natulutsa foni, nandiuza kuti ndikhale. Anafufuza dzina langa m'makalata olandira, kutsetsereka mpaka pansi, osapezeka. Kenako anatsegula bokosi lina, lija imelo imatayamo zimene ikuziyesa zinyalala, lomwe amati sipamu.

Ndinali mmenemo, abale. Ndinadzaza. Mwadzuka bwanji, mwadzuka bwanji, maliro a uje, mwadzuka bwanji, pakati pa anthu olonjeza mamiliyoni ndi ogulitsa mankhwala a mphamvu za abambo. Zonse zinali ndi zilembo zakuda zija zosonyeza kuti munthu sanatsegule. Pakati pake panali makalata anga a mtengo wa ufa, yochonderera ija ndi yolimba ija, atagona limodzi.

Mayi Msiska anagwira pakamwa. "Moni wanu uja ndinatopa naye, ndisaname," anatero. "Tsiku lina ndili pa changu ndinadina kuti ndi sipamu. Sindinadziwe kuti ndatsekera zonse."

"Nanga kobiriwira kaja?" ndinafunsa.

Anaimbira Bambo Jere, amene amayang'anira makompyuta ku kampani kwawo, naika foni pa sipika. Bambo Jere anafotokoza mosathamanga. Anati kalata iliyonse ikafika kwawo, makina amayamba aitsegula okha, kuyang'ana zithunzi ndi malinki ngati muli zoipa. Pulogalamu yanga inkabisa kachithunzi kosaoneka ndi maso m'kalata iliyonse, ndipo kakangotsegulidwa, iyo inkandiuza kuti munthu wawerenga. Amene ankandiwerenga mokhulupirika m'mawa uliwonse anali makina.

Mowa unandithera pomwepo. Manyazi analipo, koma choposa manyazi chinali mantha, chifukwa ndinakumbukira matumba. Ndinakwiyira munthu wosadziwa kanthu, ndinaletsa amayi kugulitsa, ndinatukwana apongozi, ndipo nthawi yonseyo ufa unali pa simenti ukumwa chinyontho.

"Ufa ulipo?" anafunsa Mayi Msiska.

"Unalipo."

"Kwerani."

Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, poti fungo langa silinali lokhala nalo kutsogolo.

Titafika kumudzi aNangozo anatsegula okha mosungira, osandiyang'ana. Amayi anasonkhana. Tinayamba kutulutsa. Matumba apamwamba anali bwino, ufa uli mbee. Apakati ena anali atayamba kuundana. Apansi, amene anagunda simenti ndi khoma lomwe denga lake linkadontha, anali atachita chuku, fungo lake lobweza munthu pakhomo. Ndipo apansiwo anali a amayi amene anabweretsa moyambirira, olimbikira aja. Ambiri anali a aNachisale, mayi wamasiye wolera zidzukulu, amene ankalawirira kuthengo anzawo ali mtulo. Anaima pakhomo akuona matumba awo akutuluka limodzilimodzi. Sanalire. Anangofunsa ngati angatenge matumbawo tikakhuthula, akachape.

Mayi Msiska anatenga abwinowo tsiku lomwelo. Galimoto itapita, aNangozo anayankhula ndi mwana wawo, ine ndili chiimire pomwepo. "Agnesi, uwauze amuna ako kuti wilibala ili kuseri." Ufa wowolawo ndinakautaya ndekha kudzala, mudzi wonse ukuona.

Kubwerera pakhomo sikunali kwa tsiku limodzi. Ankhoswe anakhala pansi, ndinapepesa, ndinapereka nkhuku. Kwa mayi wa kachasu ndinapita ndi Agnesi kukaombola foni, ndipo ndinawauza pamaso pake kuti akadzandionanso asadzandigulitse mowa. Masabata oyamba osamwa ndinkalusa ndi zopanda pake, koma ndinapirira. Ku Golomoti kofuna netiweki sindipitanso ndekha. Ndimapita ndi msungichuma wa gulu, ndipo timakhala mbali ya kumsewu ngakhale imagwira movuta. Laputopu amayi sanandibwezere chifukwa chondikonda, panalibe wina wodziwa. Anaika lamulo loti ndiphunzitse ena mwa iwo, ndipo ndikuwaphunzitsa.

Tsopano zimene tinakonza, mothandizidwa ndi Bambo Jere pa foni. Amene muli ndi zolembera tulutsani.

Gawo lakumapeto la adiresi ya imelo, lomwe lili ndi dzina la gulu lanu, amati domeni. Pulogalamu ija inkatumiza makalata m'dzina lathu, koma ife sitinalembe paliponse kuti taituma. Kwa makina olandira zinali ngati mlendo wafika pakhomo n'kunena kuti wandituma uje, wopanda womuchitira umboni. Ndiye pali timizere tomwe umakaika kumene domeni yako inalembetsedwa. Koyamba ndi SPF, kamanena amene waloledwa kutumiza makalata m'dzina lanu. Kena ndi DKIM, chidindo chimene chimakhala pa kalata iliyonse kusonyeza kuti yachokeradi kwanu ndipo sinasinthidwe panjira. Kena ndi DMARC, kamauza olandira chochita ndi kalata yomwe yalephera kudzitsimikizira. Simukuyenera kuzimvetsa mpaka pansi. Pitani kwa amene anakukonzerani adiresi mukafunse ngati zinaikidwa. Kwathu zinali zisanaikidwe, ndipo kupeza pasiwedi yolowera kumeneko kunatiyendetsa, poti amene ankaidziwa anali atasamukira kwina.

China ndi malinki. Pulogalamu yaulere ija inkasintha linki iliyonse ya m'kalata yanga kuti iyambe yadutsa pa adiresi yake, ndi mmene inkadziwira amene wadina. Adiresi imeneyo tinkagawana ndi anthu ambirimbiri osawadziwa, ena mwa iwo akuba. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Makina akaona adiresi yodziwika ndi zoipa m'kalata yanu, safunsa kuti ndinu amayi a malambe. Ngati mukufunitsitsa kulondola amene akudina, ikani domeni yanuyanu yolondolera, ya dzina la gulu lanu, kuti mbiri yake ikhale yanu nokha. Ife tinangozimitsa zonse. Kalata ya malonda yopita kwa munthu mmodzi ndimailemba mu imelo wamba, mawu ochepa, yopanda maluwa.

Moni ndinasiya. Anthu onse amene sanandipemphe ndinawafufuta. Otsalawo ndinawafunsa ngati akufuna kumva za ife, ndipo pansi pa kalata yopita kwa ambiri pali podina munthu akatopa nafe. Bola achoke mwaulemu kusiyana ndi kudina sipamu, chifukwa aliyense wodina sipamu akuipitsa dzina lanu kwa makina. Zimenezi zinandiwawa kuzivomereza. Mpaka lero m'mawa zala zimandiyabwa, ndimangopita kukapatsa moni aneba.

Dzina likaipa silitsukika msanga. Tinayamba pang'onopang'ono, kulembera ochepa amene amatidziwa, kuwapempha kuti atitulutse m'sipamu ndi kutiyankha ngakhale liwu limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisanatumize kalata yofunika ndimayamba ndadzitumizira ku adiresi ina, ndione kumene yagwera. Ikapita kwa mwiniwake, tsiku n'kudutsa osayankhidwa, ndimaimba foni. Munthu ndimamuwerengera kuti wamva pokhapokha wandiyankha yekha.

Chaka chathachi ufa unapita pa nthawi yake, mvula inapeza mosungira muli mosesa. Mowa sindinaulawenso, ndipo ndimagona m'nyumba mwanga. Ndaona ena mwakonzeka kuwomba m'manja. Dikirani kaye, sindikufuna muchoke muno mukuganiza kuti zonse zimabwerera.

ANachisale sanabwerenso m'gulu. Amagulitsa malambe osasinja pamsewu pa Golomoti, kuthamangira mawindo a minibasi ndi beseni pamutu, pa msinkhu wawo uja. Kwa nthawi yaitali ndinkawazemba, ndikawaona ndinkawolokera tsidya lina. Mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kuwaimitsa. Ndinawafotokozera zonse ndakuuzanizi, kuti tinakonza, makalata akufika, galimoto ikubwera pa nthawi yake, pansi tinayala matabwa ndipo denga tinafolera. Ndinawapempha kuti abwerere. Anandimvetsera mpaka kumapeto, beseni lili pamutu.

"Ndamva aphunzitsi, mwachita bwino," anatero. "Koma ine ndatsala ndi zilimwe zochepa. Sindingaperekenso china kwa wogula amene sindikumuona nkhope."

Minibasi ina inaima, iwo n'kuithamangira. Ndinatsala chiimire.

Apampando, umboni wanga wathera pomwepa.